Kamaiki Kamene Medy Sanazimitse

1

Mukafika pa doko la Iloilo musataye nthawi kufunsa za Ambrosio Villaruel. Funsani za Chief Ambo, muona onyamula katundu akukanganirana kuti akulozereni nyumba ya nsanjika yobiriwira ku Molo. Ine ndinachoka kwathu ndi malaya amodzi ndi nsapato zobwereka. Ndinayamba ndi kupukuta mafuta pansi pa injini ya sitima yapamadzi, koma ndinatsika ndili mkulu wa mainjiniya. Rotterdam ndaiona. Santos ndaiona. Ku Busan ndinadya zinthu zoyenda zokha m'mbale, ku Beira ndinavina mpaka nsapato kung'ambika. Lero ndili ndi sitolo ya zitsulo ndi maboti opita ku chilumba cha Guimaras, ndipo palibe munthu anandinyamula kuti ndifike pamenepa.

Koma injini zija zinadya makutu anga. Nditabwerera kumtunda ndinapeza anthu onse akulankhula ngati ali ndi mpunga m'kamwa, ndipo ndinkati vuto ndi lawo. Wailesi yakanema ndinkaikweza mpaka aneba anasiya kutsegula yawo. Medy, mkazi wanga, ndiye anandikokera kwa dokotala wa makutu, ndipo ndinabwerako ndi timakina tiwiri tokhala kuseri kwa makutu, kalikonse ndi kawaya kolowa mkati.

Tsiku loyamba ndinafuna kutiponya m'nyanja. Supuni ikagunda mbale inali ngati nangula wagwa. Nyuzipepala inkalira ngati malata pa mphepo, ndipo kutafuna kwanga komwe kunkandinyansa. Pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera. Koma ndinasiya tsitsi kuti likule libise makutu, ndipo wondifunsa ndinkamuuza kuti ndi za foni, zogula ku Hamburg. Chief Ambo wogontha? Zimenezo ayi.

Pamodzi ndi timakinato anatipatsa kamaiki kakang'ono ngati bokosi la machesi, kopanira pa malaya. Pamalo aphokoso, kumsika kapena kutchalitchi, Medy akakapana pa bulawuzi mawu ake ankalowa m'mutu mwanga ngati akundinong'oneza, ngakhale ali tsidya lina la msewu. Akatalikira kwambiri mawu ankadukaduka, kenaka n'kuzimiririka.

Ndinaphunziranso kachinyengo kena. Medy akayamba nkhani yosandisangalatsa, ndinkavula timakinato n'kutiika patebulo.

"Injini yazima," ndinkatero, n'kumamuonerera akusuntha milomo.

Ndinkachita zimenezi makamaka akatchula Liezel, mwana wathu mmodzi yekhayo. Ndinamuphunzitsa unamwino kuti akagwire ntchito kunja, iye n'kuthawa ndi Tikboy, mnyamata womata matayala m'mphepete mwa msewu. Ndinalumbira kuti dzina lake lisadzamvekenso m'nyumba mwanga, ndipo silinkamvekadi. Ndinali ndi pozimitsira.

2

Linali Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi. Ndinali pakhonde ndi Doming, mnzanga wometa, ndikumusimbira za namondwe amene anatipeza kufupi ndi Durban. Mafunde anali atangofika pa chumuni pamene mawu ena analowa m'mutu mwanga.

"Eliseo? Ndine."

Anali Medy. Anali kukhitchini ya kuseri, ndipo kamaiki anali ataiwala kuzimitsa.

"Ayi, lankhula momasuka. Ali pakhonde, akusimba za namondwe wawo uja. Sitima isanafike ku Durban tikhala titamaliza."

Anaseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve kwa zaka zambiri. Kenaka kunamveka mawu a mwamuna chapatali, ochokera m'foni, osamveka chimene akunena.

"Lachinayi, eya. Tulo sindikuliona chifukwa choganizira tsikulo... Ayi, asadziwe. Akadziwa atiwonongera zonse... Zibangili? Zinapita kale zimenezo, usazitchulenso. Pa chinthu ngati ichi ndingagulitse ndi nyumba yomwe."

"Pare!" Doming anandigwedeza bondo, akundiitana monga timaitanirana pachinzake. "Namondwe wakumeza? Watisiya pakati pa nyanja."

"Ndakupatsa mpata kuti upume."

"Iwe kupatsa munthu mpata? Chiyambire kukumeta sindinamalizepo chiganizo. Wadwala kapena?"

Ndinamuthamangitsa mwaulemu, ndinakwera kuchipinda, ndinatsegula kabokosi ka pa galasi. Zibangili zagolide zimene ndinamugulira ku Dubai, zimene ndinazinyamula pachifuwa kuwoloka nyanja ziwiri, munalibe. Munali thonje lokha.

Pa chakudya chamadzulo ndinafunsa ngati zongocheza.

"Zibangili zija bwanji suvala masiku ano?"

"Ndi kutentha kumeneku? Zimandiyabwa," anatero akundiikira nsomba m'mbale. Sanandiyang'ane.

Ndinakumbukira kuti mwezi wapitawo anakhala masiku angapo ku Guimaras, ati kwa mchemwali wake wodwala, ndipo anabwerako wopanda mango ngakhale limodzi. Munthu wochokera ku Guimaras, kwawo kwa mango, wopanda mango? Ndayenda ndi Agiriki, Amwenye ndi Arasha, ndikudziwa mayina a anthu a m'madoko onse, koma Eliseo sindinkamudziwa. Ndipo Eliseo ameneyo anali kunditengera mkazi amene ndakhala naye kuyambira ndili wopukuta mafuta.

3

Munthu wanzeru akanafunsa. Ine ndinasankha ukazitape.

"Makutu akuipiraipira," ndinamuuza Medy m'mawa mwake. "Kamaiki kaja uzingokavala ngakhale m'nyumba muno."

Anakapana osafunsa kanthu. Ine ndinakhala pakhonde ndi nyuzipepala yosawerenga, ndikumvetsera.

Zimene ndinamva sizinali zimene ndinkasaka. Ndinamva kuti Medy akamakwera masitepe amaima pakati n'kubuula chifukwa cha mawondo. Ndinamva kuti amaimba chapansipansi akamatsuka mpunga, ndipo amakambirana ndi mphaka nkhani zazitali. Ndinamva akuuza mayi wogulitsa nsomba kuti, "Musandipatse zaminga, Chief amadya akulankhula, adzatsamwa." Ndinamumva akupemphera kolona, ndipo pakati pa pemphero anafwenthera ngati munthu wolira. Zonsezi zinkachitika m'nyumba mwanga tsiku ndi tsiku, ine osadziwa. Koma mtima wansanje sumva chisoni. Ndinkangoti akulirira Eliseo.

Lachiwiri anandiyang'ana nthawi yaitali tili patebulo.

"Ambo, mwatani? Rotterdam simunaitchule chiyambire dzulo."

"Ndikuganizira za bizinesi."

"Ndi maso amenewo? Mukunditsatira nawo ngati ndakuberani tambala."

Anagwira kamaiki pachifuwa pake, nakayang'ana, nandiyang'ananso.

Ndinapita kwa Doming, ndinadikira kuti ometedwa achoke.

"Pare, ukudziwa munthu wina dzina lake Eliseo?"

"Eliseo amene ndikumudziwa ine alibe dzino ngakhale limodzi ndipo amayenda ndi botolo lokodzeramo. Wakulakwira chiyani?"

Ndinamuuza zonse. Doming anasiya kunola lumo.

"Medy? Medy wako uja? Pare, mkazi amene wapirira namondwe wa ku Durban kwa zaka zonsezi sangathawe lero. Kamufunse basi."

"Ndifunse kuti andinamize? Ine ndinagwirapo wakuba mafuta a sitima osafunsa funso ndi limodzi lomwe."

"Wakuba mafuta sunkagona naye bedi limodzi. Ukumvera mkazi wako mobisa, ndi kachipangizo kamene amavala chifukwa chokukonda. Ukachita manyazi usadzati sindinanene."

Lachitatu masana Medy anaimbanso foni kukhitchini kuja. Ulendo uno analankhula pang'onopang'ono, momveka bwino ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

"Mawa m'mawa, Eliseo. Ndikwera jipni ya ku Jaro. Ndivala diresi lachikasu. Undidikire pageti."

Ndinapita kuchipinda n'kuika timakina tanga pa tchaja kuti mawa tisandichititse manyazi. Kamodzi kanandipulumuka n'kugwa pansi. Ine amene ndinagwirapo sipanala injini ikuyaka moto.

4

Lachinayi kunacha kuli mitambo. Medy anatuluka kuchipinda atavala diresi lachikasu, tsitsi atalimanga bwino.

"Ndikupita kutchalitchi cha ku Jaro kukayatsa makandulo," anatero.

Kenaka anatenga kamaiki patebulo, nakapana pa kolala, ine ndikuona.

"Ukupita nako kuti, poti ine ndikutsala?"

"Ndazolowera," anayankha. Anaima pakhomo ngati akufuna kunena china, koma anangotsegula geti n'kupita.

Ndinavala chipewa ndi magalasi akuda, ndinamuona akukwera jipni, minibasi ya kwathu kuno, ndinaimitsa takisi.

"Tsatira jipni yofiirayo. Usaitaye, komanso usaipitirire."

"Manong, ndinu apolisi?" anafunsa woyendetsa, akundiitana mwaulemu ngati mkulu wake.

"Ndine woposa apolisi. Yendetsa."

Tikayandikira, dziko la Medy linkalowa m'mutu mwanga: kulira kwa injini ya jipni, anthu akupatsirana ndalama ya ulendo, mpweya wake akupuma mofulumira. Galimoto ina ikalowa pakati, zonse zinkaduka, n'kutsala kuphwetaphweta ngati wailesi yakutha mabatire.

"Yandikira!"

"Manong, ndiyandikire bwanji? Mukufuna ndikwere pamwamba pake?"

Tinafika ku Jaro. Tchalitchi chinaoneka, jipni inaima, anthu anatsika. Diresi lachikasu silinatsike. Pamenepo chiyembekezo changa chomaliza chinafa. Tinapitirira mpaka pa nyumba ina yaitali yokhala ndi sitolo ya mankhwala pansi pake. Medy anatsika. Pageti panali mwamuna wa malaya oyera, atandifulatira. Anagwira dzanja la mkazi wanga, nawerama nalo kumaso kwake. Ku Genoa ndinaonapo amuna akuchita zimenezo kwa akazi a eni.

Ndinatsika m'takisi tsidya lina la msewu, ndipo nthawi yomweyo mvula inakhuthuka. Inu amene simuvala timakina timeneti simungamvetse. Madzi ndi mdani wathu. Ndinaonongapo kamodzi m'boti, ndinakhala sabata zingapo ndikumva mbali imodzi ngati nkhuku. Choncho dontho loyamba litangogwa pa chipewa, manja anga anachita okha ntchito yawo: kuvula, kuika m'kabokosi, kabokosi m'thumba la mkati. Mzinda wonse unazima. Magalimoto ankadutsa ngati nsomba m'madzi.

Mwamuna uja analowa. Medy anatsala yekha pa kakhonde. Anatsitsa chibwano pa kolala, milomo yake n'kuyamba kuyenda. Analankhula nthawi yaitali, maso ali pansi, dzanja lili pachifuwa. Ndinaseka mowawidwa mtima. Akupempheratu chikhululukiro cha tchimo limene akukachita, ndinaganiza choncho.

Atamaliza anakweza mutu, nayang'ana kumene ndinabisala kuseri kwa ngolo ya wogulitsa zipatso, nalowa.

5

Ndinawoloka msewu ndili chinyowere. Mlonda wa pakhomo ananena kanthu, ndinamukankhira pambali. Ndinaona nsalu yachikasu ikukhota pamwamba pa masitepe, ndinathamangira. Pakhonde la m'mwamba panali zitseko zambiri, chimodzi chikutsekeka. Panali chikwangwani, koma magalasi anga anali ndi madzi, ndipo munthu wokwiya sawerenga.

Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikudikira kuti ndiwagwire bwino. Ndinaganiza za zibangili. Ndinaganiza za kuseka kuja.

Ndinamenya chitseko ndi phazi.

"Eliseo ndi uti? Tuluka, galu iwe!"

Munthu wogontha sadziwa kukula kwa mawu ake. Ine pakhosi panga ndi pamene panaphunzira kulamula m'chipinda cha injini. Akuti ndi anthu a m'sitolo ya mankhwala omwe anadzidzimuka.

Munalibe bedi m'chipindamo. Munali mphasa ya mitundumitundu, zidole, ndi mayi wa chovala choyera atakhala pa kompyuta. Kuchokera pa kompyutapo kawaya kanapita pamutu pa kamtsikana kakang'ono, pamene panamatirira kachinthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kamtsikanako kanali pamiyendo pa mayi wina. Mayiyo anali Liezel. Mwamuna wa malaya oyera anatembenuka. Anali Tikboy womata matayala.

Ndinaona maso a mwanayo akukula. Thupi lake linauma, pakamwa panatseguka, dzanja linakwera n'kuzula kachinthu kaja pamutu n'kukaponya pansi. Ankakuwa, mitsempha ya m'khosi itaima, koma ine sindinkamva kanthu. Aliyense ankasuntha milomo. Ndinapapasa m'thumba, kabokosi kanandipulumuka, ndinagwada n'kutola, ndinavala. Timakina tinalira kanyimbo kake koyatsira, kenaka kukuwa kuja kunandilasa m'mutu.

"Mwayatsa injini tsopano?" anatero Medy. Mawu ake anabwera kawiri, m'chipindamo ndi m'kamaiki.

"Bambo, tulukani," anatero mayi wa chovala choyera. "Mwanayu anachitidwa opaleshoni mwezi wathawu, anamuika kachipangizo mkati mwa khutu. Lero ndi tsiku loyatsa. Ndinali nditangoyatsa kumene. Chibadwire sanamvepo phokoso lililonse."

Liezel anali atamukumbatira mwanayo. Anandiyang'ana ndi maso ouma.

"Tatay," anatero, mawu athu oti bambo, "ndakhala miyezi ndikukonzekera mawu oti ndimuuze. Ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndimuitane dzina lake. Inu mwandilanda."

"Koma Eliseo..." ndinatero.

"Ndine, Chief," anayankha Tikboy. "Ndi dzina langa la ubatizo. Ndinalitchula tsiku lija ndinabwera ndi makolo anga kudzapempha Liezel. Munali pakati pa nkhani ya Rotterdam."

Dzanja lija pageti! Mwana aliyense kwathu kuno amadziwa kuti wamng'ono amatenga dzanja la wamkulu n'kuliika pamphumi pake popempha dalitso. Ine ndinachita zimenezo kwa amayi anga mpaka tsiku limene anamwalira. Koma ndinaona za ku Genoa. Ndipo zibangili zija, ndi ulendo wa ku Guimaras wopanda mango uja, zonse zinali za opaleshoni ya mwanayu.

"Ndinakuuzani zonse pageti," anatero Medy. "Ndinadziwa kuyambira Lachiwiri kuti mukundimvera. Ndinakasiya dala, chifukwa chikwatiraneni aka kanali koyamba kuti mundimvetsere. Ndikanakuuzani kunyumba mukanazimitsa injini. Ndinati ndikufikitseni pafupi, pamene simungabwerere."

"Mvula," ndinatero. "Ndinavula chifukwa cha mvula."

Anamasula kamaiki pa kolala, nakaika m'dzanja langa, napinda zala zanga.

"Pitani kunyumba kwanu, Ambo."

6

Medy sanabwere tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Uthenga unadzera mwa Doming.

"Mwanayo dzina lake ndi Pilar. Akangoona kachipangizo kaja akukuwa n'kubisala pansi pa bedi. Adokotala akuti akapanda kukavala msanga, kuphunzira kulankhula kudzamuvuta kwambiri, chifukwa nthawi yabwino ndi inoyi, akadali wamng'ono. Medy akuti sabwerera kwa iwe mpaka mwanayo atavala. Ndipo akapanda kuvala..."

"Maliza."

"Lero ukufuna ndimalize chiganizo? Akapanda kuvala, usamudikire."

Ndinaganiza zotumiza mphatso. Ndinaganiza zoitana dokotala wa ku Manila, wa ku Singapore, wa kulikonse. Koma mwanayo sankaopa makina. Ankaopa chimene chinatulukamo, ndipo chimenecho ndinali ine.

Ndinakhala pampando wa Doming.

"Meta. Makutu onse aoneke."

"Za foni za ku Hamburg zija ziwonekere poyera?"

"Meta, Pare, ndisanasinthe maganizo."

Ndinapita kumalo omatira matayala ndili ndi mutu ngati wa msilikali, timakina tili pambalambanda. Tikboy anali pansi pa jipni. Anatuluka akupukuta manja.

"Eliseo," ndinatero. Dzinalo linandiwawa pa lilime. "Sindinabwere kudzalankhula."

"Ndiye kuti kugwa matalala," anatero, koma sanaseke.

Liezel anatulukira pakhomo la kanyumba ka kuseri. "Achoke."

"Asiye akhale, Liezel," anatero Eliseo. "Koma Chief, pano ndi panga. Mukatulutsa mawu amodzi okha, mukhale mukupita."

Anandilozera tayala lakale pansi pa mtengo. Chief Ambo, mwini maboti, anakhala pa tayala.

Ndinkabwera m'mawa uliwonse. Medy ankadutsa ndi ndowa osandiyang'ana. Pilar akandiona ankathawira kuseri kwa siketi ya amayi ake. Ine ndinkangochita chinthu chimodzi: kutsegula kabokosi, kutulutsa kamakina, kukavala pang'onopang'ono, kugogoda chitini ndi supuni, kenaka kutong'ola maso ndi kumwetulira ngati ndapeza golide. Ndikamaliza ndinkavula n'kuyambiranso. Oyendetsa majipni ankandiseka.

"Chief, namondwe wa ku Durban anatha bwanji?"

Ndinkaluma lilime. Mawu ankadzaza pachifuwa mpaka kupweteka, koma ndinkameza.

Masiku anapita, ndipo ndinayamba kutaya mtima. Ndinamva Liezel akulira m'nyumba atabwera kwa adokotala. Madzulo ake Medy anatumiza Doming kukatenga zovala zake zotsala kunyumba kwathu.

M'mawa wotsatira ndili pa tayala langa, ndinamva kachala kozizira kakupinda khutu langa. Sindinatembenuke. Pilar anazula kamakina, kanalira mluzu wake, ndipo ndinamusiya. Anakatembenuza, anakanunkhiza, anakabwezera mokhota. Kenaka anathamangira m'nyumba.

Anabwera ndi kabokosi kake. Anatulutsa kachipangizo kaja, nakaika pa mutu wanga wometedwa. Kanagwa, poti ine ndilibe maginito pansi pa khungu. Anayesanso, kanagwanso. Anandiyang'ana ngati munthu wopusa wosadziwa kuvala chinthu chophweka. Ndiye anakweza dzanja kuti andionetse, nakayandikiza kuseri kwa khutu lake. Kanadzimata kokha.

Eliseo anazimitsa makina opopera mpweya. Medy anaima ndi ndowa m'manja. Onse anayang'ana ine, osati mwanayo. Ndinatseka pakamwa ndi manja awiri.

Liezel anagwada, nakoloweka mbali inayo pa khutu la mwana, kanyali n'kuyaka.

"Pilar," anatero chapansipansi.

Mwanayo anaphethira. Nkhope inakwinyika, dzanja linayamba kukwera. Dzanja linafika pakhutu, linaima, kenaka linatsika n'kutola supuni yanga. Anagogoda chitini kamodzi, nadzidzimuka, nagogodanso.

7

Medy anabwerera Loweruka lake, ndi chikwama chake ndi mango a mumsika. Ndinamulandira pageti ndi kamaiki m'manja. Anapukusa mutu.

"Kameneko sindidzavalanso. Mukafuna kundimva, muziyandikira."

Ndinayandikira. Ndinamufunsa chimene ananena pageti paja mvula ikugwa. Anandigwira khutu ngati mwana wasukulu, nalankhula momwemo.

"Ndinati: Ambo, ndikudziwa muli kuseri kwa ngolo ya zipatso, chipewa chanu chikuoneka. Muli ndi mdzukulu, dzina lake Pilar. Anabadwa wosamva. Lero amuyatsira. Kwerani mwakachetechete, mudzaime pakhomo. Mawu a amayi ake akatha, ndikufuna amve anu."

Owerenga, sindikunamizani kuti zonse zinakonzeka. Liezel amandiitana Tatay, koma m'nyumba yobiriwira sanalowebe. Pilar chitseko chikamenyeka amagwirabe pamutu. Mawu oyamba aja sindingathe kuwabweza, ndipo malo amene Medy anandisungira pakhomo paja ndinawaphwanya ndi phazi langa.

Ena mwa inu muli ndi timakina ngati tanga m'kabati, mukuopa kuti anthu akusekani. Ena makutu anu ndi abwinobwino, koma muli ndi pozimitsira panu pamene mkazi kapena mwana wayamba nkhani yosakukomerani. Ine ndinali ndi zonse ziwiri. Ndinalipira madokotala kuti andibwezere makutu, koma kwa sabata imodzi yokha ndi pamene ndinamvetsera mkazi wanga, ndipo ndinachita kuba.

Kudzitama sindinasiye, musaope. Kungoti ndasintha nkhani. Masiku ano pa doko ndimauza aliyense kuti mdzukulu wanga, amene amandiitana Lolo, kutanthauza agogo, watchula mawu atsopano, ndipo ndi ine amene ndinali woyamba kuwamva. Tinali pa tayala paja, ine ndili pafupi kumuyambira za Rotterdam. Anandiika kachala pamilomo, nati, "Lolo, chete."